7-Zip ndi madeti a mafayilo, mmene ndikuionera pulogalamu imeneyi

Anthu akamayamikira 7-Zip amakonda kunena zinthu ziwiri, kuti ndi yaulere komanso imafinya mafayilo kwambiri, ndipo zonsezo ndi zoona, koma ine chimene chimandipangitsa kuiika pa kompyuta iliyonse imene yadutsa mmanja mwanga ndi nkhani ya madeti. Ukapanga extract zip kapena 7z ndi pulogalamu imeneyi, ndiye kuti kutulutsa zimene zinapakiridwa pamodzi mu fayilo imodzi, mafayilo amatuluka ndi deti lawo lenileni, ndipo chachikulu kwambiri, mafoda nawonso amatuluka ndi deti lawo, osati la lero. Ena muona ngati ndi kanthu kochepa, koma amene mumasunga ma invoice, ma quotation, zithunzi za pa site, ma minitsi a mpingo kapena a banki mkhonde mukudziwa kuti pena deti la fayilo ndi lokhalo limene limakuuza kuti chinayamba ndi chiti, chinatsatira ndi chiti.

Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta ndi kusamutsa zinthu za anthu, munthu wagula laputopu ina kapena hard drive yayamba kulira ndiye akufuna zonse zipite kwina isanafe. Chimene ndaona kwa aphunzitsi, kwa a maakaunti, kwa azibusa, kwa aliyense basi, ndi chakuti munthu sakumbukira dzina la fayilo yake. Mayina ake ndi aja a final, final2, final yeniyeni, Document1, New folder. Chimene munthu amakumbukira ndi nthawi. Amati ija ndinalemba mvula itangoyamba chaka chatha, kapena ija ya sabata ya maliro a malume, ndiye amadina pamwamba paja palembedwa Date modified kuti zinthu zifole kuyambira zatsopano mpaka zakale, nkuyamba kutsika mpaka aipeze. Tsono mumubwezere kompyuta yake mafoda onse akuonetsa deti la dzulo, nthawi yake 14:32, 14:32, 14:33 mpaka pansi, olo palibe fayilo imene yasowa munthu uja mwamusokoneza kwambiri, ntchito yake ya zaka ndi zaka ikuoneka ngati anaigwira tsiku limodzi masana. Ndipo ngati kompyuta yakale mwaifomata kale, madeti amenewo mulibe kokawatenga.

Kuti timvane bwino, fayilo iliyonse pa Windows imakhala ndi madeti atatu. Pali Date modified, tsiku limene zamkati mwake zinasinthidwa komaliza, ili ndi limene ambirife timaliona. Pali Date created, tsiku limene fayiloyo inafika pa disiki imeneyo, ndiye pali Date accessed, tsiku limene inakhudzidwa komaliza, ili sindilidalira kwenikweni chifukwa pulogalamu ina kungoiwerenga fayiloyo likhoza kusuntha inu osadziwa. Lachiwirilo ndi limene limasokoneza anthu. Mukakopa fayilo kuchoka pa laputopu kupita pa flash, la modified limakhala lomwelo lakale koma la created limasanduka la lero, nchifukwa chake mumatha kupeza fayilo yonena kuti inasinthidwa mu 2017 koma inapangidwa mu 2024, anthu amadabwa kuti zatheka bwanji, si vairasi ayi, ndi mmene kukopa kumayendera.

Foda nkhani yake ndi ina. Deti lake limasuntha pamene china chalowa, chatuluka kapena chasinthidwa dzina mkati mwake, zili ngati nkhokwe yoti imalemba tsiku lomaliza limene munthu anathiramo kapena kutapamo chimanga. Ndiye taganizani pulogalamu ikupanga extract. Iyamba yapanga foda, kenako ikuthiramo mafayilo imodzi imodzi, ndipo fayilo iliyonse ikalowa deti la foda lija likubwera pa nthawi ino. Olo pulogalamuyo ikanaika deti lakale poyambirira pomwe, fayilo yoyamba kungolowa basi lafufutika. Njira yake ndi kudikira mpaka mafayilo onse alowe, kenako kubwerera pa foda iliyonse nkuibwezera deti lake limene linasungidwa mu archive, ndiye kuti mu zip kapena 7z ija. 7-Zip imachita zimenezo yokha, palibe batani loti mudine, ndipo ambiri amene amaigwiritsa ntchito sadziwa nkomwe kuti yawachitira zimenezo. Ine ndi pamenepa pamene ndimaipatsira ulemu, chifukwa ndi ntchito yoti wolemba pulogalamu akanatha kungoisiya anthu ochepa okha ndi amene akanadandaula.

Ija yobwera ndi Windows, ya Extract All, mafayilo kawirikawiri imawatulutsa ndi deti lawo la modified koma mafoda amalandira deti la tsiku limene mwapanga extract. Palinso kena. Zip imene mwadawuniloda pa neti Windows imaiika kachizindikiro kobisika konena kuti ichi chachokera kunja, dzina lake Zone.Identifier, ndipo popanga extract kachizindikiro kameneko kamalembedwanso pa fayilo iliyonse yotuluka, ndiye pena kulembako kumachititsa kuti ngakhale mafayilo enieniwo aoneke ngati asinthidwa lero. Anthu amazemba zimenezi popita pa Properties ya zip ija nkuchonga Unblock asanaitsegule. Koma musamangopanga Unblock chilichonse anzanga, kachizindikiro kaja ndi kamene kamachititsa Word kapena Excel kutsegula chikalata chochokera pa neti mu Protected View, muja mumangowerenga osasintha kalikonse kuti kompyuta itetezeke, ndiye kali ndi ntchito yake. Kuyambira mu 2023 Windows 11 inayamba kutsegula yokha 7z, rar ndi tar osafuna kuika china, ndi zabwino ndithu kwa munthu wongofuna kuona zamkati, koma ikakhala ntchito yosamutsa zinthu za munthu ine ndimapitabe ku 7-Zip.

Pulogalamuyi anailemba ndi Igor Pavlov wa ku Russia, inatuluka koyamba mu 1999 ndipo mpaka pano akuikonzabe. Siifuna layisensi, siibweretsa ma advert, siikufunsani imelo, ndipo kuidawuniloda siikwana olo 2 MB ndiye olo bandulo yatsala pang'ono zimatheka. Itengeni pa 7-zip.org pokha, osati pa ma site aja odzaza mabatani obiriwira a Download. Mukaiika mumadina kumanja pa zip yanu, kupita pa 7-Zip, kusankha Extract Here kapena Extract to. Pa Windows 11 siioneka pa menyu yoyamba ija, mpaka mudine Show more options kaye, zimatopetsa ndithu ukakhala ndi zambiri zoti utsegule. Ndipo musadabwe, mukasankha Extract to, foda ya kunja ija imene 7-Zip yapanga ndi dzina la zip imakhala ndi deti la lero, chifukwa imeneyo sinali mkati mwa archive, yangobadwa kumene. Lowani mkati mwake ndi mmene muone madeti akale.

Tsono pali msampha umodzi umene umagwira anthu ambiri ndipo ndikufuna muumvetse. Munthu amatsegula zip mu 7-Zip, akuona mafoda ake bwinobwino ndi madeti awo, ndiye amangowagwira ndi mausi nkuwakokera pa Desktop. Zikatero 7-Zip siidziwa kumene mukuwaponya, amene akudziwa ndi Explorer ya Windows, ndiye imayamba yatulutsa zonse mu foda ya Temp, kenako Explorer ndi imene imazinyamula kukaziika kumene mwaloza. Zimenezi zinalembedwa pa tsamba lawo lomwe la mafunso ndi mayankho. Zotsatira zake ndi zoti ntchito yomaliza sanaigwire ndi 7-Zip ayi, ndiye madeti a mafoda akhoza kutayika pa njira, makamaka ngati mukuponya pa disiki ina kapena pa flash, komanso zimachedwa ndipo ngati disiki ya C yadzadza zimathera pakati. Gwiritsani batani la Extract lili pamwamba paja, lembani kumene zipite, basi. Amene mumakonda command, ndi 7z x osati 7z e, chifukwa e ija imakhuthulira mafayilo onse pamalo amodzi osawaika mu mafoda awo.

Koma kutulutsa ndi theka chabe la nkhani, pulogalamu siingabweze chinthu chimene sichinasungidwe. Apa ndi pamene 7-Zip imafuna munthu wodziwa. Mukapanga 7z osakhudza kalikonse, imasunga deti la modified lokha, la created ndi la accessed imawasiya. Kwa anthu ambiri zimenezo zakwana, koma ngati mukufuna la created lipite nawo muyenera kuiuza. Kuyambira version 22.00 imene inatuluka mu Juni 2022, pa windo ya Add to archive pali kabatani ka Options, mukakadina mumapeza pochonga Store creation time ndi Store last access time, komanso posankha kuti nthawi isungidwe mpaka pati, pa sekondi kapena kupitirira apo. Ma version akale kabatani kameneko kulibe, munkachita kulemba tc=on mu kabokosi ka Parameters pansi paja, ndipo ndani angadziwe zimenezo osauzidwa. Pa command ndi 7z a -mtc=on -mta=on dzina.7z kenako dzina la foda.

Mu Options momwemo muli china chimene ndimachikonda kwabasi, Set archive time to latest file time, pa command ndi -stl. Chimachititsa kuti archive yeniyeniyo itenge deti la fayilo yatsopano kwambiri imene ili mkati mwake. Tinene kuti mukupakira mafoda a zaka, 2018 payokha, 2019 payokha, 2020 payokha, zonse mukuzipanga tsiku limodzi, popanda chimenechi ma archive onse akhala ndi deti la lero, koma nacho ya 2018 ikhala ndi deti la mu 2018 ndipo zifola zokha mwa dongosolo. Palinso Do not change source files last access time, kuti kupakirako kusasunthe deti la accessed pa mafayilo oyambirira. Zinthu zabwino ngati zimenezi anazibisa kuseri kwa kabatani kakang'ono, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zimene ndimaidandaula nazo pulogalamuyi.

Popakira, dinani kumanja pa foda yeniyeniyo, musalowe mkati nkusankha mafayilo okhaokha, mukatero foda ya pamwamba siilowa ndipo deti lake latsala. Komanso dziwani kuti si zip iliyonse imene imakhala ndi madeti a mafoda. Ma zip ena, makamaka opangidwa ndi ma site pamene mwadina kuti mudawunilode zinthu zambiri pakamodzi, amangolemba njira ya fayilo osalemba fodayo payokha. Kuzindikira kwake nkosavuta, tsegulani zip ija mu 7-Zip muyang'ane mzere wa Modified, mukaona kuti pa mafayilo pali madeti koma pa mafoda pali pululu, ndiye kuti mulibemo, olo mutsegule ndi pulogalamu yanji mafoda amenewo atuluka ndi deti la lero. Amene mumatenga ma code pa GitHub ndi batani la Download ZIP mwaonapo zina, mafayilo onse amakhala ndi deti limodzi la commit yomaliza, kumenekonso 7-Zip ikungokupatsani zimene yapeza.

Nanga zip kapena 7z, bwino ndi iti pa madeti. Zip ndi yakale, anaiyambitsa ndi Phil Katz mu 1989 nthawi ya DOS, ndipo kalembedwe kake ka nthawi ndi ka nthawi yomweyo. Imawerenga masekondi awiri awiri, ndiye fayilo ya 10:15:31 siingakhale ndendende, isuntha ndi sekondi imodzi. Madeti ake amayambira 1980 nkuthera 2107, nchifukwa chake pena mumapeza fayilo yolembedwa 1 Januwale 1980, imeneyo ndi yoti deti lake linasowa kapena linali lolakwika ndiye yagwera poyambira. Ndipo imalemba nthawi ya pa wotchi ya komweko osanena kuti ndi dziko liti. Kwa ife pakati pa Lilongwe, Lusaka, Harare, Tete ndi Johannesburg palibe vuto, tonse tili pa nthawi imodzi, maola awiri patsogolo pa UTC, nthawi imene dziko lonse lapansi limayezerapo, chaka chonse. Koma mbale wanu ali ku London kapena Manchester, iwo amasintha wotchi kawiri pa chaka, nyengo yawo yozizira tili patsogolo ndi maola awiri, yotentha ndi ola limodzi. Akasunga chikalata 23:30 usiku kwawo, kuno ndi tsiku lotsatira kale, ndiye zip yakale ija ikuuzani tsiku la kwawo ngati kuti ndi la kuno. Pambuyo pake zip anaiwonjezera malo ena osungira nthawi yeniyeni, ndipo 7-Zip imatha kuwalemba ndi kuwawerenga, koma si pulogalamu iliyonse imene imawalemba kapena kuwalabadira. 7z ilibe chipwirikiti chimenechi, imasunga nthawi mmene NTFS, njira imene Windows imasungira mafayilo pa disiki, imachitira, pa UTC, kuwerengera kuchokera mu 1601 mpaka tizigawo ting'onoting'ono ta sekondi, ndiye kulikonse kumene mwaitsegula kompyuta imangosinthira ku wotchi yanu. Zanga zosunga ndimapanga 7z. Zip ndimapanga pokhapokha ndikutumizira munthu amene sindikudziwa kuti ali ndi chiyani pa foni kapena pa kompyuta yake.

Ma flash nawo ali ndi zawo. Ambiri ang'onoang'ono amabwera ali pa FAT32, njira yakale yosungira mafayilo pa disiki, imene nayonso imasunga la modified pa masekondi awiri awiri ndi nthawi ya komweko, pa accessed imangosunga tsiku popanda ola, ndipo siilola fayilo yoposa 4 GB. Ndiye mukapanga extract molunjika pa flash yotero madeti asuntha pang'ono olo 7-Zip yachita zake bwinobwino. Ine ndimanyamula archive ili yotseka, nkukaitsegula pa disiki ya kompyuta yatsopano. Ikakula kuposa 4 GB pali Split to volumes pa windo yomweyo, imaidula zidutswa za .001, .002 ndi kumapitirira, mukatsegula yoyambayo zinazo zimatsatira bola zikhale pamodzi.

Kumene ndinaonera phindu lake pafupi ndi kwa bambo ena omanga nyumba za anthu. Anabwera atasemphana ndi mwini nyumba wokhala kunja pa nkhani ya ndalama, mwiniwakeyo amati silabu inathiridwa mochedwa kuposa mmene anagwirizanirana, bambowo amati ayi. Zithunzi anali nazo zambiri koma zinadutsa pa WhatsApp kuchokera kwa foromani wawo, ndipo chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp ngati chithunzi wamba zija zobisika mkati mwake za tsiku limene chinajambulidwa zimachotsedwa, ukapita pa Date taken pamakhala popanda kanthu. Zina zinali ndi mayina aja a IMG kenako deti kenako WA, zimenezo zinathandiza, koma zambiri bambowo anali atazisintha mayina kuti azizidziwa, silabu1, silabu2, mbali ya kumpoto, choncho. Mwayi wake, nthawi imene ankasintha laputopu zinthu zawo zinapakidwa mu 7z ndipo inali ikadalipo pa external. Sitinapange ndi extract yomwe. Tinangoitsegula, mafoda ali ndondondo, maziko, silabu, ring beam, denga, pambali pake mzere wa Modified, ndipo bambowo anavala magalasi nkuika chala pa sikirini kutsika mzere umodzi umodzi akutchula miyezi mokweza. Pa foda ya silabu anaima, anatulutsa kabuku kawo ka malisiti a simenti mthumba la jekete, masiku anagwirizana. Anajambula sikiriniyo ndi foni nkutumiza pomwepo.

Phunziro limene ndimauza aliyense kuchokera pamenepo ndi la katumizidwe. Fayilo ikayenda yokha pa imelo kapena pa WhatsApp, wolandirayo kawirikawiri amaipeza ndi deti la tsiku limene waidawuniloda. Koma mukaiika mu zip kapena 7z nkutumiza ngati document, madeti ali mkati mwa archive momwemo ndipo palibe amawakhudza pa njira. Ndiye olo mafayilo ndi ang'ono osafunika kufinya, ngati madeti ake ndi ofunika apakireni.

Komabe ndinene mosabisa, deti la fayilo si umboni wosatsutsika. Munthu wodziwa akhoza kulisintha mphindi imodzi, komanso makompyuta ambiri akale amene timagula kuno kabatire kawo ka pa motherboard kanatha, magetsi akangothima wotchi imabwerera ku chaka chakalekale ndipo chilichonse chimene mwasunga musanaikonze chimatenga deti lolakwikalo. 7-Zip isunga deti lolakwika lomwelo mokhulupirika. Kwa bambo aja zinagwira chifukwa zinagwirizana ndi malisiti, ndiye litengeni ngati mboni imodzi mwa zingapo.

WinRAR nayo pa nkhani imeneyi ili bwino, sindingainyoze. Ndi ya Eugene Roshal, nayenso wa ku Russia, ndipo zosankha za nthawi anaziika poonekera, popakira pali tsamba lake la Time ndipo potulutsa pa Advanced mumasankha madeti amene abwezedwe. Ilinso ndi recovery record, yoti archive ikawonongeka pang'ono ikhoza kudzikonza, chinthu chimene 7z ilibe. Koma ndi yogula, masiku 40 oyesera akatha imayamba kukukumbutsani nthawi iliyonse, ndipo ine sindifuna kuika pa kompyuta ya ofesi ya munthu pulogalamu imene sanalipire kapena ya crack. 7-Zip imatsegula rar koma siipanga rar. Amene muli pa Linux inu zanu zinayera kale, tar imabweza la modified yokha pa mafayilo ndi mafoda pokhapokha muiletse ndi -m, ndipo ilinso ndi --delay-directory-restore yoti idikire mpaka kumapeto isanabweze madeti a mafoda. 7-Zip ya Pavlov mwiniwake inafikanso pa Linux mu 2021.

Kusowa kwa recovery record kuja ndi nkhani yaikulu kuno kumene magetsi amathima pakati pa ntchito ndipo ma flash abodza ali mbwee pa msika. 7z kawirikawiri imapakira mafayilo mophatikiza, amati solid, kuti ifinye kwambiri, ndiye pakawonongeka penapake mukhoza kutaya mafayilo ambiri osati imodzi yokha. Zikakhala zithunzi ndi mavidiyo, zimene sizifinyika kale, ndimasankha Store pa Compression level, imathamanga ndipo madeti imasungabe chimodzimodzi. Ndipo ndikamaliza ndimadina Test nthawi zonse ndisanakhudze kompyuta yakale, nkusunga archive malo awiri.

China chimene sichindisangalatsa ndi choti siidzipanga update yokha ndipo siikuuzani kuti kwatuluka yatsopano. Ndimapeza makompyuta ali ndi version ya 9.20 ya mu 2010 mpaka lero. Zimenezo ndi zoopsa chifukwa pulogalamu yotsegula zinthu zochokera kwa anthu achilendo ndi khomo la akuba, mwachitsanzo panali bowo lina lokhudza kachizindikiro ka Zone.Identifier komwe kaja pa archive yoikidwa mkati mwa archive inzake, analitseka mu version 24.09 ya Novembala 2024, ndiye amene ali ndi yakale kuposa imeneyo akadali pa mtetete. Dziwaninso kuti 7-Zip mukangoiika siipatsira kachizindikiro kaja pa mafayilo otuluka, mpaka mupite pa Tools, Options, nkuyatsa Propagate Zone.Id stream. Pa makompyuta a mu ofesi ine ndimasankha For Office files, kuti zikalata za Word ndi Excel zochokera kunja zizitsegukabe mu Protected View. Maonekedwe ake nawo ndi akale, timabatani take tikuoneka ngati ta nthawi ya Windows 98, anthu ena akaiona koyamba amaopa kuti mwina ndi yabodza. Pali NanaZip imene inachokera mu 7-Zip momwemo ndipo imaoneka pa menyu yoyamba ya Windows 11, kwa amene Show more options ija yawakwana.

Mukamaliza extract madeti a mafoda ndi osachedwa kusuntha, musaiwale zimenezi. Kungotsegula chikalata cha Word mkati mwa foda, Word imapanga kafayilo kobisika koyamba ndi ~$ pambali pake, mukatseka imakachotsa, ndiye kwa foda ija china chalowa ndipo chatuluka, deti lasanduka la lero inu musanalembe chilembo olo chimodzi. Kuikopa fodayo ndi Explorer kupita pa disiki ina nakonso kumapereka madeti atsopano pa mafoda. Ngati mukufuna kukopa osapakira, Windows ili ndi robocopy, mumalemba robocopy kochokera kopita /E /COPY:DAT /DCOPY:T, ka /DCOPY:T kameneko ndi kamene kamanyamula madeti a mafoda. Koma olo zitero archive yoyamba ija musaifufute mukamaliza kutulutsa, isiyeni ili yotseka pa external kapena pa cloud, chifukwa mkati mwake madeti sasuntha olo muitsegule kuyang'ana kangati.

Ndiye amene mukufuna kusintha kompyuta kapena kuifomata, musanapereke kwa okonza pangani izi nokha kapena muwauze achite mukuona. Foda ya Documents, ya Pictures ndi ya Desktop, iliyonse dinani kumanja, Add to archive, 7z, Options, chongani Store creation time, OK. Ikamaliza dinani Test. Kenako pa kompyuta yatsopano tulutsani ndi batani la Extract, dinani pa Date modified, muone ngati mafoda akuonetsa zaka zosiyanasiyana mmene analili. Akakhala kuti onse akuonetsa lero, yakale ija isafomatidwe kaye.